Mapepala a anthu amene sanalembedwe ntchito tiziwasunga mpaka liti?

Nachisale_HR
Moni nonse. Funso langa likupita kwa anzanga a m'maofesi olemba anthu ntchito komanso kwa odziwa malamulo. Ndimagwira pa kabungwe kena kakang'ono ku Lilongwe. Mwezi watha tinalemba anthu awiri, koma makalata ofunsira ntchitoyo anabwera mazanamazana. Pano ali m'makatoni pansi pa tebulo langa, ndipo kusitolo kuli makatoni ena a zaka zam'mbuyo amene ndinawapeza pobwera. Mkatimo muli chilichonse: ma CV, mafotokope a chiphaso cha unzika, masatifiketi a MSCE ndi madipuloma, zithunzi, manambala a ma referee, ena anaikamo ndi kalata ya kupolisi, ena ya kuchipatala. Za pa imelo ndiye osanena.

Nditawauza abwana kuti akalewo tiwawononge, anati ayi, tidzawafuna. Koma chiyambire ntchito pano sindinaonepo munthu akutsegula katoni yakale kuti asankhemo munthu. Ntchito ikapezeka timalengezanso. Ndiye lamulo likuti chiyani? Pali nthawi yoikika? Kwanuko mumatani?

Kamba_wa_Dedza
Sungani mayi. Enafe chiyembekezo chathu n'chomwecho, choti tsiku lina wina adzatsegula katoni n'kutiimbira.

MayiWaNdirande
A Kamba, ndikumvetsa, koma mverani izi. Chaka chatha ndinagula zigege pamsika, pepala limene anandikulungirapo linali tsamba loyamba la CV ya mtsikana wina. Dzina lonse, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma, mpingo, nambala ya foni, chithunzi chake mafuta atalowerera mpaka nkhope kuonekera kuseri. Nditamufunsa mnyamata wogulitsayo anati mapepalawo amagula pa kilo kwa munthu amene amawatenga m'maofesi. Mwana uja anavutika kulemba, kudinditsa, kukwera minibasi kukasiya. Zinandiwawa ngati ndi mwana wanga. Makatoni amene mukuti asungewo mathero ake amakhala amenewo, tsiku limene ofesi ikusamuka kapena wina akufuna malo oikapo mipando.

Mlembi_wa_Loya
Mayi Nachisale, ndiyankhe motalika pang'ono. Malawi ali ndi lamulo tsopano loteteza zokhudza anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo amene anapatsidwa udindo woliyang'anira ndi MACRA. Lisanabwere tinkadalira gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko, lonena za ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndi ndime zochepa za mu Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.

Mukafuna mzere wonena kuti CV isungidwe miyezi yakuti, simuupeza. Chimene lamuloli likufuna n'chakuti zokhudza munthu muzitenge pa cholinga chodziwika, mutenge zokhazo zofunika pa cholingacho, ndipo musazisunge kupitirira nthawi imene cholingacho chikufunira. Ndiye dzifunseni: mapepala aja anabwera kudzatani? Anabwera kuti musankhe anthu awiri. Mwawasankha. Chatsala ndi chifukwa chimodzi chomveka chowasungirabe kwa kanthawi: wina angadandaule kuti anasalidwa. Gawo 5 la Employment Act ya 2000 limaletsa tsankho ngakhale kwa munthu amene akungofunsira kumene ntchito, ndipo nkhani zotere zimatha kufika ku Industrial Relations Court. Tsiku limenelo mudzafuna kuonetsa kuti munasankha bwanji.

Choncho bungwe lanu likhale pansi, ligwirizane nthawi, lilembe chifukwa chake, ndipo liziwauza ofunsira ntchito pa chilengezo pomwe. "Tidzawafuna" si nthawi. Munthu atabwera lero kudzafunsa kuti fotokope ya chiphaso changa ya 2019 mukuisungiranji, abwana anuwo ayankha chiyani? Lamuloli likumupatsa munthuyo ufulu wofunsa zimene mukusunga zokhudza iye, ndiponso wopempha kuti muzifufute.

Kamba_wa_Dedza
Ufulu wopempha kuti afufute? Ine ndikupempha kuti asafufute. Ntchito kulibe abale.

Mlembi_wa_Loya
Ndipo zimenezo n'zololedwa achimwene, bola akufunseni inuyo. Kalata yokuuzani kuti simunapambane ikhoza kukhala ndi mzere woti: kodi mukulola tisunge CV yanu kwa chaka chimodzi kuti mwayi wina ukapezeka tikudziwitseni? Mukavomera, asunga CV yokha. Chiphaso ndi kalata ya kuchipatala alibe nazo ntchito. Chimene ndikukana ine ndi kusunga za aliyense, mpaka kalekale, eni ake osadziwa.

Dalitso_wa_Mzimba
Kalata yokuuzani kuti simunapambane? Ku Malawi kuno? Ine chimalizire sukulu sindinalandirepo ngakhale imodzi. Amangolemba pansi pa chilengezo kuti okhawo osankhidwa ndi amene adzayankhidwe. Umangomva kwa anzako kuti ntchito ija anthu anayamba kale.

AuntieWaKuZomba
Zimenezo zimapweteka zedi. Mwana wanga anadikira miyezi, foni osaisiya ngakhale popita kubafa. Uthenga umodzi wokha wa pa foni ukanamumasula mtima. Ndiye ganizirani ndalama: fotokope tsamba lililonse, kukadinditsa masatifiketi, envelopu yaikulu ija, thiransipoti. Pa ntchito imodzi yokha. Ngati sakumufuna munthu, bwanji osamubwezera mapepala ake kuti akayesere kwina?

Nachisale_HR
Anti, kubweza ndi maganizo abwino ndipo ndalemba. Kutumiza pa positi sitingakwanitse, koma kunena kuti amene akufuna mapepala ake abwere adzatenge pasanathe mwezi, zimenezo zitheka. Za kusayankha anthu nanenso zimandisowetsa mtendere. Pa imelo palibe chovuta, ndi uthenga umodzi.

AchimweneAkuLuton
Ndikuuzeni mmene zimakhalira kuno ku UK, poti ndimathandiza kulemba anthu pa nyumba ina yosamalira okalamba. Kuno kuli UK GDPR ndi Data Protection Act ya 2018, woyang'anira ndi ICO, ofesi yoona za chitetezo cha zokhudza anthu. Nakonso lamulo silinena nambala ya miyezi, limangoti musasunge kupitirira pamene pakufunikira. Koma malo ambiri anakhazikika pa miyezi 6, ena amafika chaka. Gwero lake ndi ili: kwa zaka zambiri munthu wodandaula za tsankho pansi pa Equality Act ya 2010 wakhala ali ndi miyezi 3 kuchotsapo tsiku limodzi kuti ayambitse nkhani ku Employment Tribunal. Nthawi imeneyo imatha kutalikirako chifukwa nkhani imayamba yadzera ku ACAS, bungwe loona mikangano ya pantchito, kukayesa kuyanjanitsa, komanso khoti lili ndi mphamvu yowonjezera. Ndiye olemba ntchito amati miyezi 6 ikukwanira kuti ngati kuli dandaulo likhale litafika.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti zolemba za pa intavyu nazonso ndi za munthuyo. Timapepala tija a panel amalembapo akamakufunsa mafunso. Munthu akhoza kulemba kalata kupempha zonse zimene muli nazo zokhudza iye, ndipo muli ndi mwezi umodzi kuti mumupatse. Bwana wathu amatichenjeza nthawi zonse kuti pa pepala la intavyu usalembe chimene sungafune kuti mwini wake adzawerenge. Mawu ngati "akuoneka kuti ndi woyembekezera" kapena "wakula kwambiri" akhoza kugwetsa kampani pa mlandu.

Joni_Boy_Mangochi
Ku Joni kuno lamulo loteteza zokhudza anthu ndi POPIA, inayamba kugwira ntchito mu July 2020, makampani n'kupatsidwa chaka chimodzi kuti akonze zinthu. Gawo 14 ndi limene limanena za kusunga, ndipo limanenetsa kuti powononga muwononge moti munthu sangathenso kulumikiza n'kuwerenga. Chindapusa chimatha kufika R10 miliyoni. Pa za tsankho, Employment Equity Act imawerengera wofunsira ntchito ngati wantchito, ndipo ali ndi miyezi 6 yoti akadandaule ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Ndiye kuno kuwononga pa miyezi 6 yeniyeniyo n'kufulumira, ambiri amadikira chaka. Mfundo ndi yakuti nambala ya ku UK musangoitenga n'kuiika ku Lilongwe. Onani nthawi imene malamulo akwanuko akupereka kwa wodandaula, muyambire pamenepo.

Koma ndinene zoona, abale athu ambiri kuno CV amasiya pa geti kwa mlonda, kapena amatumiza pa WhatsApp kwa munthu amene sanamuonepo, pamodzi ndi chithunzi cha pasipoti ndi pemiti. Za POPIA sazidziwa, ndipo amene mapepala ake sali bwino sangayerekeze kukadandaula kulikonse.

Mbiya_Ng'ambe
Ine ndikutsutsana nanu nonse amene mukuthamangira kuwononga. Mukudziwa mmene ntchito zimalembedwera kwathu kuno. Chilengezo chimatuluka munthu atasankhidwa kale, mwana wa mlongo wake wa bwana. Umboni wokhawo woti panali anthu oposa iyeyo uli m'makatoni omwewo. Mukawapatsa lamulo loti awotche, mwawapatsa machesi oti abisire katangale. Adzati pepani, tinawononga potsatira lamulo. Ine bola CV yanga ikulungire zigege kusiyana n'kuti wakuba apeze pothawira.

MayiWaNdirande
Mukutero chifukwa si nkhope yanu imene inali pa pepala lija.

Mbiya_Ng'ambe
Mayi, sindikunyoza zimene munaona. Ndikuti pali zoopsa ziwiri, ndipo inu mukuona chimodzi.

Mlembi_wa_Loya
A Mbiya ali ndi mfundo, tisawakanize. Koma tiyeni tisiyanitse zinthu zimene zili mu katoni. Umboni wa mmene ntchito inalembedwera ndi chilengezo, mndandanda wa amene anafunsira, zimene ankayang'ana posankha, mamalikisi a pa intavyu, lipoti la panel ndi masiginecha awo. Zimenezo zikhoza kukhala nthawi yotalikirapo, ndi faelo imodzi yokhoma mu kabati. Fotokope ya chiphaso cha munthu amene sanafike n'komwe pa shortlist ikutsimikizira chiyani pa nkhani ya katangale? Palibe. Ndipo pakakhala kuti dandaulo lafika kale, kapena ACB yayamba kufufuza, kuwononga kulikonse kumaima. Wowotcha mapepala nthawi imeneyo sakutsata lamulo loteteza anthu, akuwononga umboni, umene ndi mlandu pawokha.

Ndiponso a Mbiya, katoni yosalembedwa imene ili kusitolo ndi yosavuta kuisowetsa kuposa faelo imene ili m'kaundula ndi tsiku lake lowonongera. Pamene palibe ndondomeko, bwana amachotsa chimene akufuna tsiku limene akufuna, ndipo palibe amene angamufunse.

Akawuntanti_265
Musaiwale ma donor. Ife a mabungwe timayendera ndalama za eni. Malamulo a boma la America pa thandizo lawo amati zolemba za pulojekiti zisungidwe zaka 3 kuchokera pamene mwapereka lipoti lomaliza la ndalama, ndipo ena amafuna zoposa pamenepo. Oditala akabwera n'kufunsa kuti munthu uyu munamulemba bwanji, simungamuuze kuti tinawotcha. Mayi Nachisale, musanakhudze katoni iliyonse werengani mgwirizano wanu ndi amene amakupatsani ndalama.

Nachisale_HR
Zikomo, ndiwerenga. Koma oditala amene ndakumana nawo ine amapempha lipoti la panel, mamalikisi, ndi ma CV a amene anaitanidwa ku intavyu. Sindinaonepo akupempha makalata onse mazana aja.

Akawuntanti_265
Nthawi zambiri ndi choncho, inde. Ndimangoti mutsimikize kaye polemba, musadalire zimene munazolowera.

Mkulu_wa_Registry
Kwa amene muli m'boma nkhani ndi ina. Mafaelo a boma sawonongedwa ndi munthu payekha chifukwa kabati yadzaza. Pali ndondomeko yake imene imadzera ku National Archives ku Zomba. Ndanena kuti wina asawerenge zokambiranazi n'kukayatsa moto kuseri kwa ofesi ya boma mawa.

Chiphaso_Changa
Ine ndikufuna ndibwerere pa chiyambi penipeni. N'chifukwa chiyani mumapempha zonsezo pa tsiku loyamba? Munthu simunamuone, simukudziwa ngati mumuitane, koma mukufuna chiphaso, satifiketi yodinda, kalata ya kupolisi, chithunzi. Mukanapempha kalata ndi CV basi. Amene mwawaitana ku intavyu abwere ndi masatifiketi enieni muwaone ndi maso. Amene mwamulemba ndiye apereke mafotokope. Mukatero katoni ya mayi Nachisale ikanakhala yopepuka, ndipo mwana wa anti aku Zomba sakanawononga ndalama zonse zija.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Ndinafunsira ntchito pa kampani ina, sindinaitanidwe. Patapita miyezi ndinalandira foni, munthu akunditchula dzina lonse, akudziwa sukulu imene ndinaphunzira, chaka chimene ndinamaliza, mpaka dzina la abusa amene ndinawaika ngati referee. Anati ntchito ija yapezekanso, nditumize ndalama pa foni ya yunifolomu ndi kuyezedwa kuchipatala. Ndinatsala pang'ono kutumiza, chifukwa munthu wachilendo angadziwe bwanji zonsezo? Mkazi wanga ndi amene anati tiyeni tikafunse kaye ku ofesi konko. Kumeneko anati sakudziwa kanthu. Nditafunsa kuti nanga mapepala anga anafika bwanji kwa akuba, mlembi anangoti ma CV amadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Abusa aja nawonso anaimbiridwa, kuwauza kuti ine ndachita ngozi.

AuntieWaKuZomba
Mayo ine. Mpaka abusa.

AchimweneAkuLuton
Nkhani ya ma referee imeneyo ndi yofunika. CV imodzi imanyamula anthu atatu kapena anayi amene sanafunsire ntchito n'komwe.

Ndipo poti tafika pa za akuba, abale amene mukufuna ntchito za kuno chenjerani ndi ma agent a pa Facebook amene amayamba n'kupempha pasipoti. Ife kuno timaona mapepala osonyeza kuti munthu ndi wololedwa kugwira ntchito pamene tikumulemba, ndipo a amene talemba timasunga nthawi yonse ya ntchito yake kuwonjezapo zaka 2 atachoka, chifukwa Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, imafuna choncho. A munthu amene sitinamulembe tilibe chifukwa chowasungira.

IT_Guy_Blantyre
Nonse mukukamba za makatoni, koma vuto lalikulu lili mu kompyuta. Pepala limakhala pamalo amodzi. CV ya pa imelo imachulukana. Yafika ku adiresi ya ntchito, mlembi waitumiza kwa a panel asanu, awiri mwa iwo akuti tumizani ku Gmail yanga chifukwa ya ofesi ikuvuta, wina waikopera pa fulashi kuti akawerengere kunyumba, wina wajambula shortlist n'kuponya pa gulu la WhatsApp. Inu mukafufuta mu inbox mukuganiza kuti mwamaliza, pamene makope ena ali mu Sent, mu Downloads, mu backup, ndi pa laputopu ya munthu amene anasiya ntchito chaka chatha.

Chimene ndimalangiza ine: foda imodzi, yolowa anthu owerengeka, a panel aziwerengera momwemo osatsitsa. Ntchito ikatha mumatseka, tsiku lofufuta likakwana mumafufuta kamodzi. Ndipo makompyuta akale musamagulitse musanapukute hard drive. Ndinagulapo ine kompyuta yakale pa okushoni ya bungwe lina, nditayatsa ndinapeza mafoda a ofunsira ntchito ali momwemo, ndi malipiro a antchito onse.

Dalitso_wa_Mzimba
Ndiye munatani nazo?

IT_Guy_Blantyre
Ndinapukuta yonse tsiku lomwelo, ndinawaimbiranso kuwauza kuti ena amene anagulitsa awatsatire.

Mlembi_wa_Loya
Zoterozo pansi pa lamulo la 2024 si nkhani yongopepesana. Zokhudza anthu zikatuluka kapena kubedwa, bungwe likuyenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72. A Chiphaso_Changa, nkhani ngati yanu ija lero muli ndi kokadandaula. Lemberani kaye kampaniyo, sungani kope ya kalata yanu, akapanda kukuyankhani bwino pitani nayo ku MACRA.

Mbiya_Ng'ambe
Ndipo MACRA ikachitapo kanthu? Malamulo abwino tili nawo ambiri m'mabuku.

Mlembi_wa_Loya
Sangachitepo kanthu pa dandaulo limene silinafike. Ndipo ngakhale pasakhale wobwera kudzayendera, mayi Nachisale afunsa chifukwa akufuna kuchita zoyenera. Tiwathandize pamenepo.

Kamba_wa_Dedza
Ndawerenga zonse. Pa chiphaso ndagonja, chimenecho asasunge. Koma CV yokha ndikupemphabe, muzitifunsa. Ndipo mukasunga muziitsegula ndithu ntchito ikapezeka, osati kungotisangalatsa.

Nachisale_HR
A Kamba, pamenepo mwanena zoona, ndipo ndikawauza abwana momwemo: ngati tikuti tidzawafuna, tikhale ndi foda ya amene avomera, ndipo ntchito ikatuluka tiziyamba kuwadziwitsa iwowo. Chaka chikatha tiziwafunsanso kapena kufufuta.

Zimene ndikukapereka Lolemba ndi izi. Chilengezo chotsatira tipempha kalata ndi CV zokha, ndipo tilembapo kuti tidzasunga nthawi yaitali bwanji. Nthawiyo ndikufuna loya wa bungwe atiuze atayang'ana malamulo a ntchito ndi mgwirizano wa ma donor, ine ndikupempha kuti a amene sanafike pa shortlist isapitirire chaka. Faelo ya panel ikhala payokha. Makatoni akusitolo aja ndiwalemba kaye m'kaundula, chaka ndi ntchito yake, abwana asayinire, kenako awonongedwe ine ndili pomwepo. Vuto ndi lakuti shredder yathu ndi kakang'ono, kamatentha tikangoika mapepala ochepa.

MayiWaNdirande
Chilichonse chimene muchite, musapereke kwa munthu kuti akatayire. Pamenepo ndi pamene zimathawira kumsika.

Mkulu_wa_Registry
Ngati muwotcha, musaponye mtolo wonse pamoto. Mapepala othithikana sapsa mkati, mumapeza m'mphepete mokha mwada koma pakati pakuwerengeka bwinobwino. Chotsani m'maenvelopu, muziponya pang'onopang'ono mu mgolo wachitsulo, wina azitakasa ndi mtengo mpaka phulusa. Pakhale anthu awiri, ndipo nonse musayine kuti katoni zakuti zawonongedwa tsiku lakuti. Musanayambe fufuzani m'maenvelopumo, chifukwa ena amalakwitsa n'kutumiza satifiketi yeniyeni m'malo mwa fotokope. Imeneyo muimbireni mwini wake, kuipezanso ku MANEB si ntchito yamasewera.

IT_Guy_Blantyre
Ndipo tsiku lomwelo muwalembere onse amene anakhalapo pa panel kuti afufute makope awo, aliyense ayankhe polemba kuti wafufuta. Yambani ndi gulu la WhatsApp lija ngati lilipo.

Nachisale_HR
Lilipo, ndipo muli anthu awiri amene anachoka kale pa bungwe. Ndiwaimbira mawa m'mawa. A Mlembi_wa_Loya, ngati muli ndi chitsanzo cha mawu oika pa chilengezo, nditumizireni ku inbox, ndikufuna ndiwalembe m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuti aliyense wofunsira amve.